MATENDA OKHALITSA: ZOYENERA KUCITA WODWALA, ABALE NDI MFUMU

Nkhani yokambidwa pa wailesi kwa alimi ndi mafumu a m'midzi

 Lero sitikamba za feteleza kapena za mitengo ya fodya, koma za munthu amene amagwira khasu. Pakuti munda wabwino ndi mbeu yabwino ziribe nchito ngati mwini wake ali gone m'nyumba.

Matenda alipo a mitundu iwiri. Ena amafika mwadzidzidzi ndi kucokanso msanga. Malungo ndi otere: munthu amwa mankhwala masiku atatu, sabata yamawa ali ku munda. Koma alipo ena amene akalowa m'thupi amakhala zaka zambiri, mwina moyo wonse. Otere ndiwo kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri amati BP, matenda a shuga, mphumu, khunyu, ndi matenda a m'maganizo. Awa ndiwo matenda okhalitsa.

Mau amene ndifuna muwasunge ndi awa: matenda okhalitsa sacoka ndi jekeseni imodzi. Ali ngati nansongole m'munda. Mukalima kamodzi ndi kuleka, mizu itsala pansi, ndipo mvula ikangogwa udzu uphukanso. Koma mlimi amene amapalira kawiri-kawiri amakolola cimanga m'munda womwewo caka ndi caka.

Nzeru imeneyi si yacilendo kwa inu. M'caka ca 2004 Boma la Malawi linayamba kupereka mankhwala a ARV kwaulere. Inu akulu mukumbukira mmene maliro anacurukira m'midzi mankhwalawo asanafike. Lero alipo anthu amene mumalima nao, amene akhala akumwa mankhwalawo zaka zoposa khumi. Kacirombo sikanacoke m'thupi mwao, komabe akulima, akuphunzitsa ana, ndipo aona zidzukulu. Cinsinsi cao ndi cimodzi: amamwa tsiku ndi tsiku, ndipo saphonya tsiku la ku cipatala. Cimene midzi yathu inaphunzira pa matenda amenewo ndico cifunikanso pa matenda enawa.

KUTHAMANGA KWA MAGAZI NDI SHUGA

Ena amati BP ndi matenda a anthu onenepa a m'tauni. Si zoona. Pamene a zaumoyo anayeza anthu m'dziko lonse m'caka ca 2009, anapeza kuti mwa anthu atatu ali onse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi magazi ake anali kuthamanga, a ku mudzi ndi a m'tauni omwe; ndipo ambiri a iwo sanali kudziwa konse.

Kuopsa kwa matendawa ndi kwakuti nthawi zambiri sapweteka. Munthu alima, adya, aseka, pamene mtima, impso ndi mitsempha ya mu ubongo zikuonongeka pang'ono-pang'ono. Tsiku lina adzuka pakamwa patapotoka, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zitafa, mau osaturuka bwino. Pamenepo anthu amati afiti ammenya ndi hamala usiku. Iai, ndi mtsempha wa mu ubongo umene waphulika kapena watsekeka. Wotere mumtengere ku cipatala nthawi yomweyo.

Kuyezetsa sikupweteka. Amangokumangani lamba pa mkono, ndipo makina apereka manambala awiri. Akamafika pa 140 ndi 90 kapena kupitirira, pa masiku osiyana, ndiye kuti magazi akuthamanga. Inu amene mwapitirira zaka 40, yezetsani kamodzi pa caka ngakhale mukumva bwino. Cepetsani mcere: kasupuni kamodzi ka tiyi nkokwanira munthu mmodzi tsiku lonse, kuwerenga ndi wa m'ndiwo womwe. Lekani kusuta fodya, ndipo cepetsani mowa.

Shuga amadziwika ndi ludzu losatha, kukodza kawiri-kawiri usiku, kuonda ngakhale munthu akudya, ndi zironda zosapola. Mwina muona nyerere zitaunjikana pamene wataya madzi. Mlimi wodwala shuga asamale mapazi, cifukwa matendawa amacititsa dzanzi, ndipo munga ungambaye iye osamva. Kacironda kotere kakabvunda, ena adulidwa nako mwendo. Tsono bvalani nsapato ku munda, ndipo yang'anani mapazi anu madzulo ali onse. Nsima ikhale ya mgaiwa, mitanda yocepa, ndiwo zamasamba zambiri. Musapite ku munda ndi njala mutamwa mankhwala kapena mutabaya insulini. Munthu wotere akayamba kunjenjemera, kuturuka thukuta ndi kusokonezeka, shuga watsika kopitirira: mpatseni madzi a shuga msanga ngati ali maso ndipo atha kumeza.

KHUNYU

Tsopano mverani bwino za khunyu, amene ena amati matenda akugwa, cifukwa palibe matenda ena amene anthu amanamizana nao monga awa.

Alimi nonse mudziwa kaufiti, kaja kamaphuka pa mizu ya cimanga. Dzina lake likunena za ufiti, koma alangizi anationetsa kuti ndi udzu cabe wokhala ndi njere zake, ndipo uli ndi njira yougonjetsera. Khunyu ali cimodzi-modzi. Ndi matenda a mu ubongo, ndipo zoyambitsa zake zambiri nzodziwika: mwana kubvutika pobadwa, malungo aakuru ofika ku ubongo, matenda oumitsa khosi, ndi kubvulala m'mutu. Cina ndico njoka za m'mimba zocokera ku nkhumba ya masese. Munthu akadya nyama ya masese yosapsa bwino, njoka imakula m'mimba mwake, ndipo mazira ake amaturuka ndi cimbudzi. Wina akameza mazirawo m'madzi kapena m'cakudya, tizirombo tingakakhale mu ubongo mwake ndi kuyambitsa khunyu. Cifukwa cake mudzi wokhala ndi zimbudzi, wosamba m'manja, ndi wotsekera nkhumba m'khola umadzicinjiriza ku khunyu wa mtundu umenewu.

Khunyu sapatsirana. Simungamtenge pokhudza thobvu la m'kamwa, kapena podyera mbale imodzi, kapena popuma mpweya umene wodwala waturutsa. Bodza limeneli lapha anthu. Taganizani: m'nyengo yozizira mtsikana ali kuotha moto, matenda amgwetsa, mkono uli pa makala, ndipo abale ake aima patali kuopa kumkhudza. Cimene camlemaza si khunyu, koma mantha a abale ake.

Munthu akagwa, citani izi. Mcotseni pa moto, m'madzi kapena pa mseu. Ikani nsaru pansi pa mutu wake. Musamgwire mwamphamvu kuti aleke kuphupha. Musaike supuni, kamtengo kapena cala m'kamwa mwake; lilime sangalimeze, koma mano mungamthyole. Musammwetse madzi kapena mankhwala asanatsitsimuke. Kuphupha kukaleka mgonekeni cammbali kuti malobvu aturuke, ndipo khalani naye mpaka adziwe pamene ali. Kuphupha kukapitirira mphindi 5, kapena akagwa mobwereza osatsitsimuka, kapena ngati ndi mai woyembekezera, thamangani naye ku cipatala.

Mankhwala a khunyu alipo, monga phenobarbitone, carbamazepine ndi sodium valproate. Mwa odwala 10, okwana 7 angaleke kugwa ngati alandira mankhwala oyenera ndi kumwa mosadumphitsa. Mwina dotolo ayamba ndi mlingo wocepa ndi kumaonjezera, tsono musataye mtima mwezi woyamba. Coopsa koposa ndi kuleka mwadzidzidzi, pakuti pamenepo kugwa kumabwerera ndi ukali. Dotolo yekha ndiye angacepetse mankhwala, ndipo kawiri-kawiri amayamba kuganiza zimenezo munthu atatha zaka ziwiri osagwa. Mai amene afuna kutenga pakati auze dotolo msanga, cifukwa mankhwala ena, maka-maka sodium valproate, angaononge mwana m'mimba. Ena amati wakhunyu akapsa ndi moto ndiye kuti sangathandizikenso. Limenelonso ndi bodza. Mankhwala amagwira nchito cimodzi-modzi.

Wakhunyu angalime, angakwatire, angabale ana, ndipo mwana wakhunyu ayenera kupita ku sukulu. Cofunika ndi ici: asasambe yekha ku mtsinje, asapite yekha kukawedza, asakwere mu mtengo kapena pa denga, ndipo pophika pakhale wina pafupi.

MATENDA A M'MAGANIZO

Monga mmene mtima kapena mapapo amadwalira, maganizo naonso amadwala. Amene mumawadziwa kwambiri ndi misala. Munthu ayamba kumva mau amene ena sakuwamva, aganiza kuti anthu akumsaka, asiya kugona ndi kusamba, alankhula zosalumikizana. Kawiri-kawiri zimayamba mwa acinyamata, ndipo camba ndi kacasu zimakolezera moto. Mwina zimagwira mai amene wangocira kumene. Munthu wotere akafika msanga ku cipatala amathandizika bwino koposa amene wayamba wazungulira zaka m'misika.

Koma cenjerani apa. Munthu amene anali bwino dzulo, lero wasokonezeka mutu ndipo thupi latentha, musati wapenga. Mwina ndi malungo aakuru kapena matenda oumitsa khosi, ndipo angafe m'masiku owerengeka. Ameneyo asagone pa mudzi.

Alipo matenda ena a m'maganizo amene sacita phokoso, ndipo ndiwo ocuruka. Munthu angokhala ndwii. Cakudya sicikoma, tulo sitibwera, mphamvu palibe, zimene ankakonda sazifunanso. Munda umera chire iye ali khale pa khonde. Akafunsidwa amati mutu, mtima, kapena thupi lonse likuphwanya, kapena amangoti, "Ndikuganiza kwambiri." Anthu amamnena ulesi. Zikapitirira masabata awiri, dziwani kuti mwina ndi matenda a kukhumudwa. Amabwera pambuyo pa maliro, ngongole, kukanika kwa mbeu kapena kutha kwa banja, ndipo amakonda kugwira anthu amene akudwala kale matenda ena okhalitsa. Wokhumudwa amaleka kumwa mankhwala ake a shuga kapena a ARV, ndipo matenda awiriwo amathandizana kumgwetsa.

Kwa inu abambo ndinena mosabisa. Tinakula tikumva kuti mwamuna salira. Koma mwa anthu amene amadzipha m'dziko muno, ocuruka ndi amuna. Mnzanu akayamba kunena kuti, "Kuli bwino ndingofa," kapena kugawa katundu wake popanda cifukwa, musaseke. Mfunseni maso ndi maso ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumpatsa maganizowo, koma kumampatsa mpata wolankhula. Musamsiye yekha. Mankhwala a mbeu, a ziweto ndi a makoswe muwacotse m'nyumbamo ndi kuwatsekera kwina. Ndipo mperekezeni ku cipatala tsiku lomwelo.

Matenda a m'maganizo ali ndi mankhwala. A misala alipo mapiritsi monga chlorpromazine ndi haloperidol, ndipo ena amalandira jekeseni ya pa mwezi. Nthawi zina mankhwalawa amaumitsa thupi, kunjenjemeretsa manja kapena kugonetsa kwambiri. Zikatero musataye mankhwala, koma bwererani kwa dotolo, pakuti angasinthe mlingo kapena kuonjezera ena oletsa zimenezo. A kukhumudwa, monga amitriptyline ndi fluoxetine, sagwira tsiku lomwelo. Pamapita masabata angapo munthu asanayambe kupepukidwa. Ndipo kukamba ndi munthu wodziwa uphungu ndi mankhwalanso.

KUMENE MUNGAPEZE THANDIZO

Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Iye adziwa masiku a kiliniki ndipo angakulozereni koyenera. Kucoka apo pitani ku cipatala caching'ono ca pafupi. Matenda akawakulira, iwo adzakulemberani kalata ya ku cipatala ca pa boma, kumene kuli kiliniki ya BP, shuga, mphumu ndi khunyu, ndiponso anamwino ophunzira za matenda a m'maganizo. Pamwamba pa zonse pali zipatala zazikuru zinai: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, ndi za ku Zomba ndi ku Mzuzu. Ku zipatala za Boma kuonana ndi dotolo salipiritsa, kupatula mbali zolipira zimene munthu amasankha yekha. Ku zipatala za mishoni kumakhala kolipira.

Ambiri akamva za Zomba Mental Hospital amacita mantha. Manthawo ali ndi ciyambi cake. Kuyambira m'caka ca 1910 odwala misala ankasungidwa ku ndende ya ku Zomba, ndipo cipatala cao-cao cinamangidwa m'caka ca 1953. Koma kumeneko ndi ku cipatala, si ku ndende iai. Anthu amalandira mankhwala ndi kubwerera kwao. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso a St John of God amene amathandiza odwala m'maganizo. Ndipo odwala ambiri safunika kugonekedwa konse: amalandira mankhwala ku cipatala ca pa boma, iwo akukhala pa mudzi.

Ku Neno, kuyambira ca m'ma 2015, a zaumoyo pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anaphatikiza kiliniki ya ARV ndi ya matenda ena okhalitsa, kuti wa BP, wa khunyu ndi wa ARV adzikhala pa mzere umodzi ndi kuonedwa tsiku limodzi. Potero wodwala matenda awiri sayenda ulendo kawiri.

Inu wodwala, sungani malangizo asanu awa. Coyamba, buku lanu la ku cipatala likhale m'pepala la pulasitiki, ndipo mupite nalo ulendo uli wonse. Ndilo limauza dotolo watsopano mbiri yanu. Caciwiri, imwani mankhwala nthawi imodzi-modzi tsiku liri lonse, ngakhale mukumva bwino. Kumva bwinoko ndi umboni wakuti mankhwala akugwira nchito, osati wakuti matenda atha. Cacitatu, pitani kukatenga ena akale asanathe. M'dzinja, pamene mitsinje imadzaza ndi nchito ya ku munda icuruka, pemphani dotolo ngati angakupatseni a miyezi ingapo. Cacinai, musagawane mankhwala ndi mnzanu, ngakhale matenda aoneke ofanana. Cacisanu, mukapeza kuti mankhwala atha ku cipatala, musangobwerera cete. Funsani tsiku limene adzafike, funsani ngati alipo ena olowa m'malo mwake, ndipo akulembereni dzina ndi mlingo wake m'buku. Mukafuna kugula, gulani ku sitolo yobvomerezeka ya mankhwala, osati pa msika. Safunsa anadya phula.

Za mapemphero ndi asing'anga ndinena mau amodzi. Palibe amene akukuletsani kupemphera, ndipo wodwala amalimba mtima anzake a mu mpingo akamamuyendera. Koma wina akakuuzani kuti mutaye mankhwala cifukwa mwacira, pitani kaye mukayezetse. Ngati mukumwanso zitsamba, muuzeni dotolo mosaopa, cifukwa zina zimalimbana ndi mankhwala ndipo zina zimaononga impso.

MAU KWA MAFUMU

Tsopano ndilankhule ndi inu eni mudzi. Dotolo amaona wodwala mphindi zocepa pa mwezi. Masiku ena onse wodwalayo ali m'manja mwanu.

Mau anu pa bwalo amalemera. Nenani poyera kuti khunyu sapatsirana ndi kuti misala ndi matenda. Letsani ana kugenda ndi kuseka wodwala. Itanani mlangizi wa zaumoyo ku misonkhano yanu, ndipo mukamva kuti kukubwera oyeza BP, yambani ndinu kupereka mkono.

Munthu akafa ziwalo kapena akadwala misala, mudzi umafuna womloza cala, ndipo kawiri-kawiri cala cimagwera nkhalamba yosauka. Musalole. Kumbukirani kuti lamulo la m'caka ca 1911 linaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Nthawi imene abale akutaya pofuna wolodza ndi nthawi imene wodwala akanafika ku cipatala.

Musalole kuti wodwala misala amangidwe pa mtengo kapena atsekeredwe m'nyumba miyezi. Unyolo umadula miyendo, suciza mutu. Ngati walusa, mlankhuleni mofatsa, cotsani mipeni ndi nkhwangwa, anthu asamuunjirire, ndipo akulu amene iye amawakhulupirira amperekeze ku cipatala. Mtsikana kapena mai wodwala m'maganizo wina akamgwirira, umenewo si mlandu wa nkhuku kapena mbuzi. Ndi wa ku polisi.

Cimene cimalepheretsa ambiri si kukana mankhwala, koma ulendo. Cipatala ciri kutali, ndalama ya kabaza palibe. Apa mudzi ungathandize. Odwala a mbali imodzi adziyendera limodzi pa tsiku la kiliniki. Magulu a banki m'khonde angapatule kathumba ka odwala. Njinga ya ambulansi, ngati muli nayo, ikhale yokonzeka nthawi zonse. Timasonkha msanga ufa ndi nkhuni pa maliro. Tiyeni tiphunzire kusonkha munthu akali moyo.

Tetezani munda wa wodwala. Pasapezeke wolanda malo cifukwa mwini wake wagona caka cimodzi. Makolo athu anali ndi dima: anthu ankasonkhana ndi makasu kulimira mnzao. Banja limene lakolola silisowa ndalama ya ulendo wa ku cipatala, ndipo wodwala samwa mankhwala ndi njala.

Potsiriza, kumbukirani wosamalira wodwala. Kawiri-kawiri ndi mai mmodzi amene amaphika, kusambitsa, kucapa, kulima, ndi kudikira usiku, caka ndi caka, mpaka iyenso adwala. Itanani mwini mbumba ndi abale onse, agawane masiku. Mutu umodzi susenza denga.

Nchito imene ndikusiyirani sabata ino ndi iyi. Inu a mfumu, khalani pansi ndi nduna zanu ndi mlangizi wa zaumoyo, muganizire mwakacete-cete nyumba za m'mudzi mwanu. Kodi ndani amagwa koma sanapiteko ku cipatala? Ndani anayamba mankhwala ndi kuleka? Ndani wasiya kuturuka m'nyumba? Pitani mukawaone mwaulemu, osawacititsa manyazi pa gulu. Ndipo inu alimi, amene muli ndi buku la ku cipatala m'nyumba, litsegulani usiku uno muone tsiku limene analemba kuti mubwerere. Caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.